MPWEYA WOIPA, NYENYEZI NDI NG'OMBE: MBIRI YA MAWU A MATENDA AMENE TIDALOWEZA

 Mkonzi wa kalata yathu ino atandipempha kuti ndilembeko kanthu, ndidayamba ndaganiza zolemba za mpira kapena za aphunzitsi athu amene adatisiya, koma ndidaona kuti ena alemba kale zimenezo, ndipo alemba bwino. Tsono ine ndasankha kukubwezerani m'kalasi ya Biology, momwe tinkaloweza mayina a Chingerezi a matenda ndi mankhwala kuti tikakhoze mayeso, osafunsa n'komwe kuti mayinawo adachokera kuti. Amene adandichititsa kusankha nkhani imeneyi ndi agogo anga aakazi.

Ndili Folomu 2 ndidapita kumudzi pa tchuthi cha Pasaka ndipo ndidapeza mng'ono wanga ali gone ndi malungo. Agogo adati mwanayo wadwala chifukwa ankatafuna misinde yosakhwima, komanso adavumbwa pochokera kumunda. Ine, poti ndinali nditangolawako sukulu ya sekondale, ndidaseka pamaso pa anthu.

"Agogo, zimenezo n'zachikale," ndidatero. "Matendawa dzina lake ndi malaria, ndipo amabwera ndi udzudzu."

Agogo sadakwiye. Adangondiyang'ana n'kunena kuti, "Ndamva mwanawe. Nanga dzina lachizungulo litanthauzanji?"

Ndidasowa chonena. Yankho lake ndidalipeza patapita zaka zambiri m'dikishonale ina yaikulu yofotokoza gwero la mawu, agogo atagona kale kumanda. Nditaliwerenga ndidachita manyazi ndekha.

Mawu akuti malaria si a Chingerezi ayi. Ndi mawu awiri a Chitaliyana, mala ndi aria, ndipo atanthauza mpweya woipa. Pafupi ndi mzinda wa Rome panali madambo aakulu, ndipo chaka chilichonse nyengo yotentha ikafika anthu okhala kufupi ndi madambowo ankadwala malungo, ambiri n'kufa. Anthu a kumeneko, pamodzi ndi madokotala awo ophunzira, adagwirizana kuti chimene chikuwapha ndi nthunzi yonunkha yochokera m'matope. Mngerezi wina wotchuka polemba makalata, Horace Walpole, adatchula mawuwa mu 1740 pofotokozera mnzake za matenda amene ankafika mu Rome chaka ndi chaka, ndipo pang'onopang'ono mawuwo adakhazikika m'Chingerezi.

Chikhulupiriro cha mpweya woipa chidakhala zaka mazanamazana. Mu 1880 dokotala wa asilikali a dziko la France, Alphonse Laveran, akugwira ntchito ku Constantine m'dziko la Algeria, adaona tizilombo tamoyo m'magazi a munthu wodwala malungo. Pa 20 Ogasiti, 1897, Ronald Ross adapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu ku Secunderabad, m'dziko la India. Chaka chotsatira Giovanni Battista Grassi ndi anzake ku Italy adatsimikiza kuti udzudzu wa mtundu wa Anopheles ndi umene umafalitsa malungo pakati pa anthu. Choonadi chidadziwika, koma dzina silidasinthe. Mpaka lero dokotala akamalemba malaria pakabuku kanu ka kuchipatala, akulemba kuti mpweya woipa.

Tsono taganizani. Ataliyana aja adaona bwino malo ake, chifukwa m'madambo ndi momwe udzudzu umaswana, koma adaphonya chifukwa chake. Agogo anga nawo adaona bwino nyengo yake, chifukwa miyezi ya mvula, pamene misinde ili yanthete, ndi imene malungo amavuta kuno kwathu, koma nawonso adaphonya chifukwa chake. Kulakwa kwa agogo ndi kulakwa kwa madokotala a ku Rome kunali kofanana. Kusiyana kwake n'kwakuti kulakwa kwa Ataliyana kudalowa m'mabuku, ndipo ine ndidakuloweza n'kukakunyadira kumudzi.

Dziko lathu lino lidalawa kulakwa kumeneku pamodzi ndi alendo ake. Bishopu Charles Mackenzie, amene adatsekula mishoni ku Magomero mu 1861, adamwalira ndi malungo pa 31 Januwale, 1862, pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, bwato lake litagubuduka n'kutaya mankhwala. Mu Epulo chaka chomwecho Mary Livingstone, mkazi wa David Livingstone, adamwaliranso ku Shupanga m'mbali mwa Zambezi. Azungu a masiku amenewo ankaopa nkhungu ndi fungo la m'madambo a Shire, pamene mdani wawo ankawaimbira m'khutu usiku uliwonse.

Mankhwala amene bishopuyo adataya m'madzi anali kwinini, ndipo dzina limenelinso lidayenda ulendo wautali. Lidachokera ku mawu akuti kina a chinenero cha Quechua cha ku mapiri a Andes ku South America, otanthauza khungwa la mtengo. Ansembe a chipani cha Jesuit ndiwo adathandiza kufikitsa khungwalo ku Ulaya m'zaka za m'ma 1600, ndipo mu 1820 akatswiri awiri a ku Paris, Pelletier ndi Caventou, adatulutsa m'khungwamo mankhwala enieniwo. Mtengo wake umatchedwa cinchona pokumbukira mayi wina wolemekezeka wa ku Chinchón m'dziko la Spain, amene ankati adachira nawo ku Peru, ngakhale akatswiri a mbiri amakayikira nkhaniyo. Chloroquine uja ankatiyabwa usiku wonse m'mahositelo, amene dziko lathu lidasiya kumudalira mu 1993, malembo omalizira a dzina lake amachokera ku khungwa lomwelo. Kutereku mankhwala amene adapulumutsa azungu mu Africa anali a khungwa la mtengo, monga a asing'anga athu.

Pamene ena ankaloza mpweya, ena ankaloza kumwamba. Chimfine choopsa chimene timati fuluwenza, pa Chingerezi influenza, dzina lake ndi la Chitaliyananso, ndipo litanthauza mphamvu imene imatsikira pa anthu. Ankanena mphamvu ya nyenyezi. Poona kuti matendawa amagwira mzinda wonse nthawi imodzi kenaka n'kuzimirira, anthu adaganiza kuti nyenyezi zikakhala mwakutimwakuti ndi pamene mliri umagwa. Angerezi adatola mawuwa mu 1743, mliri wina utafalikira kuchokera ku Italy. Fuluwenza wa mu 1918, amene adafikanso ku Nyasaland kumapeto kwa chakacho, adapha anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse. Adamutcha dzina la dziko la Spain popanda umboni woti adayambira kumeneko. Dzikolo silinali pankhondo, choncho nyuzipepala zake zinkalemba za mliriwo momasuka pamene maiko omenyana ankabisa. Kachilombo koyambitsa fuluwenza wa anthu kadapezeka mu 1933 ku London. Mawu akuti virus amene timawatchula masiku ano, m'Chilatini ankangotanthauza chiphe.

Mwezi nawo udasenzetsedwa mlandu. Mawu akuti lunatic, amene kale ankatchulira munthu wodwala misala, adachokera ku luna, kutanthauza mwezi, chifukwa ankakhulupirira kuti matendawo amakula kapena kuchepa potsata maonekedwe a mwezi. Ndani mwa ife sadamvepo kumudzi kuti uje amavuta mwezi ukakhala kumdima? Mawuwa adali m'malamulo a dziko la Britain mpaka 1930, ndipo malo osungirako odwala misala amene atsamunda adatsekula ku Zomba mu 1910 ankatchedwa Lunatic Asylum.

Chikhulupiriro chimene chidasiya mawu ambiri m'Chingerezi ndi cha Agiriki akale. Kuyambira nthawi ya Hippocrates, ndipo makamaka potsata ziphunzitso za Galen, madokotala a ku Ulaya ankati m'thupi la munthu muli madzi a mitundu inayi: magazi, makhololo, ndulu yachikasu ndi ndulu yakuda. Munthu akadwala ankati amodzi mwa madziwa achuluka. Wokhala ndwii ndi chisoni ankati ndulu yakuda yamuchulukira, ndipo mawu akuti melancholy, amene tinkakumana nawo m'maphunziro a Literature, atanthauza ndulu yakuda basi. Wotentha thupi ankamutema mtsempha kuti magazi ena atuluke. George Washington, mtsogoleri woyamba wa dziko la America, atadwala pakhosi mu Disembala 1799, madokotala ake adamuchotsa magazi kangapo tsiku limodzi, ndipo adamwalira usiku wa tsiku lomwelo. Tikamaseka agogo athu amene ankayamwa magazi a wodwala ndi kanyanga, tizikumbukiranso zimenezi.

Akatswiri ambiri a zinenero amati dzina la kolera, cholera, lidachokeranso ku chole, ndulu ija. Matendawa atavuta ku London, akuluakulu a zaumoyo adalozanso mpweya woipa. Mu 1854 kolera adapha anthu oposa 600 m'dera la Soho, ndipo dokotala wina, John Snow, adayenda nyumba ndi nyumba kufunsa kumene omwalirawo ankatunga madzi. Adapeza kuti ambiri ankamwa a pa mjigo umodzi wa mu Broad Street, ndipo adakakamiza akuluakulu a deralo kuti achotse chogwirira cha mjigowo. Ife amene tidaona kolera wa 2022 ndi 2023 akupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, tikudziwa kuti phunziro la Snow silidakalambe. Kolera ali m'madzi ndi m'zakudya zodetsedwa ndi chimbudzi, osati m'ndulu kapena mumphepo.

Komabe si nthawi zonse pamene kusadziwa gwero la matenda kudalepheretsa anthu kuchita chanzeru. Mawu akuti quarantine ambirife tidawamvetsa bwino mu 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo pa Chichewa tidati m'bindikiro. Gwero lake ndi quaranta, makumi anayi m'Chitaliyana. Mliri wa makoswe utapha munthu mmodzi mwa atatu aliwonse ku Ulaya pakati pa 1347 ndi 1351, mizinda ya m'mbali mwa nyanja idayamba kusamala ndi zombo. Mu 1377 mzinda wa Ragusa, umene lero ndi Dubrovnik m'dziko la Croatia, udalamula kuti ochokera kumadera a mliri ayambe akhala paokha masiku 30 asadalowe mumzinda. Pambuyo pake Venice ndi mizinda ina idafikitsa masikuwo pa 40, ndipo dzina lidabadwira pamenepo. Anthu amenewa sankadziwa kuti mliriwo umayenda ndi utitiri wa pa makoswe, ndipo kachilombo kake kadapezeka mu 1894 ku Hong Kong ndi Alexandre Yersin. Iwo adangoona kuti matenda amafika ndi zombo, nachitapo kanthu. Makolo athu amene ankamangira wodwala nthomba kachisakasa kunja kwa mudzi ankatsata nzeru yomweyo.

Nthomba ikutifikitsa pa mawu amene ndimawakonda kuposa onse. Vaccine adachokera ku vacca, ng'ombe yaikazi m'Chilatini. M'midzi ya ku England anthu okama mkaka ankanena kuti amene watenga tizilonda ta pa mawere a ng'ombe sadwalanso nthomba. Imeneyi inali nkhani ya kumudzi, yonenedwa ndi anthu osaphunzira. Dokotala wa ku Berkeley, Edward Jenner, m'malo moiseka adaganiza zoiyesa. Pa 14 Meyi, 1796, adatenga mafinya pa dzanja la mtsikana wokama ng'ombe, Sarah Nelmes, n'kutemera James Phipps, mnyamata wa zaka 8. Patapita masabata angapo adamutemera mafinya a nthomba yeniyeni ndipo mnyamatayo sadadwale. Kuyesa kotere pa mwana sikungaloledwe masiku ano, koma zotsatira zake zidasintha dziko. Jenner adasindikiza zimene adapeza mu 1798, ndipo mu 1881 Louis Pasteur adapempha kuti, polemekeza Jenner, dzina la ng'ombe lija lizigwira ntchito pa katemera wa matenda ena alionse.

Si onse amene adalandira katemerayu ndi manja awiri. Mu 1802 wojambula zithunzi zoseketsa, James Gillray, adajambula anthu otemeredwa akumera nyanga ndi mitu ya ng'ombe m'thupi, kusonyeza mphekesera zimene zinkayenda mu London. Amene mudamva zimene zinkanenedwa m'maminibasi za katemera wa Covid-19 muona kuti mantha amenewa si a Amalawi okha, ndiponso si achilendo. Koma katemera adapambana. Munthu womaliza kutenga nthomba mwachilengedwe adapezeka ku Merca m'dziko la Somalia mu 1977, ndipo mu 1980 bungwe la World Health Organization lidalengeza kuti nthomba yatheratu padziko lonse. Ambirife tili ndi chipsera chake paphewa, koma ana athu nthomba amangoimva.

Pano pali china chimene sitidaphunzire m'kalasi. Jenner asadabadwe, anthu a madera ena a Africa ndi Asia ankadziteteza kale ku nthomba potema khungu la munthu wabwinobwino n'kupakapo mafinya pang'ono a wodwala. Ku Boston m'dziko la America, kapolo wina wochokera ku Africa, amene adamupatsa dzina lakuti Onesimus, adafotokozera mbuye wake, mbusa Cotton Mather, za njira imeneyi. Nthomba itabuka mumzindawo mu 1721 adaiyesa. Mwa anthu 100 alionse amene adadwala mwachilengedwe padafa pafupifupi 14, pamene mwa otemeredwa padafa osakwana atatu. Angerezi adaitcha njirayi inoculation, mawu amene adabwereka kwa alimi a zipatso, otanthauza kulowetsa diso la mtengo wina mu mtengo unzake monga timachitira pomezanitsa malalanje. Ife tidati katemera, kuchokera ku kutemera, ntchito ya lumo imene asing'anga ankaidziwa kale. Pa mawu onsewa, athu ndi amene akunena mosabisa chimene chinkachitika pakhungu.

Africa adaperekanso mawu ake ku mabuku a zachipatala. Tonse tidaloweza kwashiorkor ndipo ambirife tinkalakwa kalembedwe kake, poganiza kuti ndi Chilatini. Ndi mawu a chinenero cha Ga cha ku Ghana, ndipo amanena matenda amene amagwira mwana wochotsedwa kubere chifukwa mayi wake waima kapena wabereka wina. Dokotala wachizimayi wobadwira ku Jamaica, Cicely Williams, akugwira ntchito ku Accra, adamvetsera zimene anthu a kumeneko ankanena, nafufuza, n'kuona kuti anawo ankangodya phala la chimanga lopanda zakudya zomanga thupi. Adalemba dzinalo mu 1935 m'magazini ya madokotala ya The Lancet. Madokotala ena adamutsutsa, ndipo mmodzi mwa iwo anali Hugh Stannus, amene adagwirapo ntchito ku Nyasaland, yemwe ankati matendawo ndi pellagra. Mapeto ake zidaoneka kuti mayiyo ankanena zoona. Kuno kwathu agogo athu ankati mwana watumbidwa. Amayi a ku Accra ndi amayi a kuno adaona chinthu chimodzimodzi, ndipo adachiona madokotala asadachilembe.

Ngakhale mawu amene tidawasandutsa athu ali ndi mbiri yawo. Chipatala ndi hospital atavala Chichewa, ndipo gwero lake ndi hospes, mlendo, chifukwa zipatala zoyamba za ku Ulaya zinali nyumba zolandirirako apaulendo, osauka ndi odwala. Hotela ndi hositelo tinkagonamo ija ndi ana a mawu omwewo. Dokotala adachokera ku docere, kuphunzitsa. Nesi adachokera ku nutrire, kuyamwitsa kapena kudyetsa. Ambulansi adachokera ku mawu a Chifalansa otanthauza chipatala choyenda, chimene chinkatsatira asilikali kunkhondo. Inu anzathu amene muli pantchito za chipatala, mayina anu akuti wodwala ndi mlendo wanu, ndipo ntchito yanu ndi kumuphunzitsa ndi kumulera. Ife odwala timakondwa tikakumana ndi amene amakumbukira zimenezi.

Pasakhale wina woganiza kuti ndikuti misinde imayambitsa malungo, kapena kuti zonse zimene makolo ankanena zinali zoona. Ayi ndithu. Chikhulupiriro cha mpweya woipa chidaphetsa anthu ambiri ku Ulaya, ndipo mwana amene makolo ake achedwa kupita naye kuchipatala poganiza kuti wangovumbwa angathe kufa mawa lomwe. Chimene ndaphunzira m'mawu amenewa n'chakuti palibe mtundu wa anthu umene udabadwa ukudziwa. Onse adayamba n'kuloza mphepo, mwezi ndi nyenyezi. Amene adapititsa dziko patsogolo ndi aja adamva zonena za anthu wamba osaziseka, komanso osazimeza, koma n'kuziyesa: Jenner ndi okama ng'ombe, Williams ndi amayi a ku Accra, Snow ndi otunga madzi.

Ine tsiku lija sindidachite choncho. Ndikadakhala pansi n'kufunsa agogo chifukwa chimene malungo amavutira nyengo ya misinde, bwenzi titafika limodzi pa zithaphwi za kuseri kwa nyumba, ndipo mwina akadandimvera. M'malo mwake ndidawaseka, ndipo mpaka imfa yawo sadakhulupirire za udzudzu. Ambirife, anzanga, ndife amene abale kumudzi amatifunsa za katemera, za masikito ndi za mankhwala othira m'madzi akumwa. Tikawayankha monyoza amangoti ndamva, monga adanenera agogo anga, koma osasintha kanthu.

Pa 23 Epulo, 2019, dziko la Malawi lidakhala loyamba padziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kudzera kusikelo, m'maboma 11, ndipo Ghana ndi Kenya adatsatira chaka chomwecho. Pa Chingerezi amati malaria vaccine. Mukamasulira mawu ndi mawu mupeza mpweya woipa wa ku Rome ndi ng'ombe ya ku Berkeley zili pamodzi pakhadi la mwana wa kuno kwathu. Ngati katemerayu akuperekedwa kudera lanu, onetsetsani kuti ana ndi adzukulu anu alandira maulendo onse anayi, ndipo asasiye kugona m'masikito, chifukwa katemerayu amachepetsa malungo koma sawathetseratu.

Pomaliza ndili ndi pempho ku komiti yathu. Pamene tikusonkha zothandizira laibulale ya sukulu yathu, tisaiwale madikishonale aakulu ofotokoza gwero la mawu. Ine ndalonjeza kupereka imodzi pa msonkhano wathu ukubwerawu. Mwina mwana wina wa Folomu 2 adzaitsekula asadapite kutchuthi, ndipo agogo ake akadzamufunsa kuti dzina lachizungulo litanthauzanji, adzakhala ndi choyankha.